Kona ya Kompyuta: "Awa si amayi athu"

 Takumananso pa kona yathu ija. Mwezi uno ndinakonza zoti tikambirane za kasungidwe ka mafayilo, koma m'banja mwathu mwachitika kanthu kamene kandisinthitsa maganizo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a inu kakukhudzani.

Apongozi anga aakazi anatisiya chaka chatha, ndipo abale ku Zomba akukonzekera mwambo wa chiliza. Anagwirizana kuti pa kapepala ka ndondomeko ya mwambowo pakhale chithunzi cha malemuwo, ndiponso kuti chithunzi china chachikulu chiikidwe mu felemu n'kupachikidwa pabalaza. Chimene onse anachisankha ndi chimodzi: chimene mayiwo anajambulitsa cha m'ma 1980 ataima panja pa tchalitchi, atavala yunifolomu ya Mvano. Chithunzicho mayi a kunyumba kwathu anabwera nacho kuno, ndipo chakhala mu alubamu zaka zonsezi. Vuto ndi lakuti chinasuluka. Thambo, khoma, bulauzi, zonse zinafiira ngati dothi la katondo.

Mwana wa alamu anga, amene akuphunzira ku yunivesite konkuno, anadzipereka kuti achikonza. Anachijambula ndi foni, anachilowetsa m'kapologalamu kena kokongoletsa zithunzi, ndipo pasanathe mphindi zisanu chinali chitafika kale kumudzi pa WhatsApp. Yankho linabwera usiku womwewo kuchokera kwa alamu anga aakulu. Anati: "Awa si amayi athu. Amayi athu anali akuda, ndipo kuda kwawoko kunkawakhala. Awa mwatumizawa ndi mayi a kwina." Mnyamata uja anakhumudwa, chifukwa iye ankafuna kuthandiza. Koma alamu anganso sananame. Khungu linali litayera, makwinya atafafanizika, ndipo ngakhale mpata wa pakati pa mano umene tonse tinkawadziwira nawo unali utatsekedwa.

Ndinawapempha kuti andipatse Loweruka limodzi. Sindinagule pologalamu iliyonse. Ndinagwiritsa ntchito imene inabwera kale ndi kompyuta, ndipo lero ndikufuna ndikuonetseni mmene nanunso mungachitire. Mfundo yake ndi imodzi basi: pokonza chithunzi, tikufuna kubweza munthuyo monga analili, osati kupanga munthu wina.

Chifukwa chiyani zithunzi zathu zimavuta?

Tisanagwire mausi, tiyeni timvetse kaye chimene chimalakwika, chifukwa sing'anga sapereka mankhwala asanamve matenda.

Choyamba ndi kuwala kwa pamalo pamene mwajambulira. Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, ngakhale maso athu saona zimenezi chifukwa amazolowera msanga. Akatswiri amayeza mtunduwu ndi muyeso wotchedwa Kelvin. Babu lachikale la m'nyumba limakhala cha pa 2,700, ndipo kuwala kwake ndi kwachikasu. Dzuwa la masana limakhala cha pa 5,500. Kunja kukachita mitambo, monga kumakhalira kuno masiku ambiri, nambalayo imafika 6,500 kapena kupitirira, ndipo kuwalako kumapendekera ku buluu. N'chifukwa chake zithunzi za pa chinkhoswe m'holo zimatuluka zachikasu, pamene za panja mu January zimationetsa otuwa ngati sitinadzole mafuta.

Chachiwiri ndi mmene kamera imaganizira. Ikamayeza kuwala, imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale pakatikati, osawala kwambiri, osada kwambiri. Tsono mukaima kutsogolo kwa sinowo, kapena kutsogolo kwa zenera, kapena pafupi ndi mkwatibwi wovala zoyera, kamera imaona kuti kwawala kwambiri ndipo imachepetsa kuwala ponseponse. Wovulala ndi inu. Sinowo amaoneka bwino, koma nkhope yanu pamangotsala maso ndi mano.

Chachitatu ndi mbiri. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi kakhadi kokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, kuti azichunira makina awo poyang'ana khungu lake. Kakhadiko kankatchedwa Shirley, potengera dzina la mzimayi amene anayamba kujambulidwapo. Lorna Roth, amene anali mphunzitsi wa ku Concordia University ku Canada, anafotokoza m'chaka cha 2009 kuti ena mwa amene anakakamiza kuti filimu izionetsa bwino zinthu zoderako anali opanga chokoleti ndi opanga mipando yamatabwa, poti katundu wawo sankaoneka bwino pa zithunzi zotsatsa malonda. Kakhadi kokhala ndi amayi a khungu losiyanasiyana kanadzatuluka cha m'ma 1990. Ngakhale mu 2021 kampani ya Google inali ikulengezabe ngati chinthu chatsopano kuti foni yake ya Pixel 6 yakonzedwa kuti izijambula bwino anthu akuda. Choncho chithunzi chanu chikatuluka moipa, musadziimbe mlandu kuti ndinu osajambulika.

Chachinayi chikukhudza zithunzi zakale za papepala. Zimenezi zimapangidwa ndi utoto wa mitundu itatu wosanjikizana: wachikasu, wofiirira, ndi wina wa pakati pa buluu ndi kubiriwira. Utotowu susuluka pa liwiro limodzi. Pa zithunzi zambiri za m'ma 1970 ndi 1980 umene unayamba kutha ndi wachitatuwo, ndipo ukatha pamatsala kufiira. Izi ndi zimene zinachitikira chithunzi cha apongozi anga.

Musanayambe

Chinthu choyamba, pangani kope. Chithunzi choyambirira chisungeni mu foda yakeyake, ndipo musachikhudzenso. Zithunzi zambiri zimakhala za mtundu wa JPEG, ndipo JPEG imataya kanthu pang'ono nthawi iliyonse imene mwasintha n'kuseva. Mukachita zimenezi kakhumi pa fayilo imodzi, nkhope imayamba kuoneka timabokosi.

Ngati chithunzicho ndi cha papepala, chilowetseni m'kompyuta ndi sikana. Mapulinta ambiri a m'nyumba ali nayo pamwamba, ndipo ku laibulale kapena ku koleji imapezekanso. Ngati mudzachisindikize pa kukula komweko, sankhani 300 dpi. Ngati mukufuna kuchikulitsa, monga ife tinkafunira cha mu felemu, sankhani 600 dpi. Pukutani galasi la sikana ndi kansalu kouma. Ngati sikana palibe ndipo mukujambula ndi foni, ikani chithunzicho pafupi ndi zenera masana, pamene dzuwa silikuomba mwachindunji, muzimitse fulashi ndi magetsi a m'chipindamo.

Kenako yang'anani sikirini yanu. Makompyuta a masiku ano ali ndi kachitidwe kosintha sikirini kuti ikhale yachikasu madzulo pofuna kuteteza maso. Pa Windows amakatcha Night light, pa Mac amakatcha Night Shift. Kazimitseni. Mukapanda kutero mudzalimbana ndi chikasu chimene sichili pa chithunzi, ndipo mawa m'mawa mudzapeza agogo anu ali a buluu. Kuwala kwa sikirini kukhalenso pakatikati. Ambiri timakweza mpaka kumapeto, n'chifukwa chake chithunzi chimene chimaoneka bwino pa kompyuta chimatuluka chakuda papepala.

Pologalamu yake ili kuti?

Amene munayamba kale makompyuta mukukumbukira Picasa, Windows Photo Gallery ndi Picture Manager. Zonsezi zinapita. Picasa inasiyidwa mu 2016, Photo Gallery mu 2017, ndipo Picture Manager anasiya kuiika mu Office kuyambira mu 2013. Paint ilipobe, koma si yokonzera mitundu.

Pa Windows 11 ndi Windows 10 pali pologalamu yotchedwa Photos. Tsegulani kope lanu lija, dinani pa Edit, kapena Ctrl ndi E pamodzi, kenako sankhani Adjustment. Mudzaona timizere tokhala ndi kabatani kokoka. Mayina amasiyana pang'ono malinga ndi Photos imene muli nayo, koma ofunika ndi awa: Exposure, Brightness, Contrast, Highlights, Shadows, Saturation, Warmth ndi Tint.

Pa Mac pali Preview. Tsegulani chithunzi, pitani pa Tools, sankhani Adjust Color. Timizere take ndi tofanana ndi ta pa Windows, kungoti Warmth amaitcha Temperature. Chenjezo kwa a Mac: Preview imaseva yokha pa fayilo imene mwatsegula, osakufunsani. Choncho yambani ndi File, kenako Duplicate.

Pali mabatani ena okopa, olembedwa Filter, Auto Enhance kapena Auto Levels. Mukhoza kuyesa kuti muone, koma musawakhulupirire. Batani silidziwa kuti amayi anu ankaoneka bwanji. Wodziwa ndinu.

Yambani ndi chinthu choyera

Apa ndiye pagona nkhani. Musayambe ndi nkhope. Fufuzani pa chithunzipo chinthu chimene mukudziwa motsimikiza kuti chinali choyera kapena chotuwa: shati, kolala ya abusa, khoma lopaka laimu, mbale, nsalu ya patebulo. Ine ndinachita mwayi, chifukwa bulauzi ndi duku la Mvano ndi zoyera, ndipo siketi yake ndi yakuda. Palibe amene angatsutse zimenezo.

Tsopano kokani Warmth mpaka chinthu choyeracho chiyere. Ngati chithunzi ndi chachikasu, chepetsani. Ngati chapendekera ku buluu, onjezerani. Mukatero pitani pa Tint. Kamzere kameneka mbali ina kamabweretsa kubiriwira, mbali ina kufiirira. Zithunzi zojambulidwa pansi pa magetsi aataliatali a m'maholo ndi m'makalasi nthawi zambiri zimabiriwira, ndipo Tint ndi amene amachiza zimenezi.

Pa chithunzi chakale chofiira, gwiritsani ntchito tonse tiwiri. Paja tanena kuti utoto umene unatha ndi wa pakati pa buluu ndi kubiriwira. Ndiye chepetsani Warmth kuti mubweze buluu, kokerani Tint kumbali yobiriwira kuti mubweze kubiriwira, pang'ono uku pang'ono uku, diso lili pa bulauzi. Ine zinanditengera mphindi ngati makumi awiri. Bulauzi itayera, ndinangoona kuti thambo labwerera, masamba a mtengo wa kumbuyo abiriwira, ndipo khungu la mayi labwerera lokha pa mtundu wake, ndisanaligwire n'komwe.

A Mac muli ndi njira yachidule. Pafupi ndi Tint pali kachizindikiro kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso. Dinani pamenepo, kenako dinani pa chinthu choyera kapena chotuwa chija, ndipo Preview idzayesa kuwongola yokha. Mukatero malizitsani ndi dzanja.

Kenako kuwala

Nkhope ikada, ambiri timathamangira pa Brightness. Vuto lake ndi lakuti Brightness ndi Exposure zimawalitsa chithunzi chonse. Nkhope isanafike pooneka bwino, diresi la mkwatibwi limakhala litasanduka chigamba choyera chopanda ulusi ngakhale umodzi.

Gwiritsani ntchito Shadows. Kamzere kameneka kamagwira malo akuda okha, n'kusiya owala. Kokani mpaka maso, mphuno ndi masaya zioneke, ndipo imani pomwepo. Mukapitirira, khungu limatuwa ngati mwawaza phulusa, ndipo pamatuluka timadontho ngati mchenga. Kenako gwiritsani ntchito Highlights kuti muchepetse malo owala kwambiri, monga thambo, zovala zoyera ndi pachipumi pamene fulashi inaomba. Mukaona kuti chithunzi chafooka, onjezerani Contrast pang'ono chabe kuti chakuda chikhalenso chakuda. Kwa ine muyeso unali siketi ija: inayenera kukhala yakuda, koma mapindo ake n'kumaoneka.

Dziwani kuti pali malire. Kompyuta imasunga kuwala kwa kadontho kalikonse ndi manambala oyambira pa 0 kufika pa 255. Malo amene anafika kale pa 255 pojambula, mulibenso kanthu mmenemo. Ngakhale mukoke bwanji, simungabweze maluwa a pa diresi amene kamera sinawasunge. Chimodzimodzi malo amene anafika pa 0.

Saturation ndi mchere

Saturation imawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya mitundu. Ichitireni monga muchitira mchere m'ndiwo. Chithunzi chosuluka chimafuna pang'ono ndithu, koma dzanja likalemera, chitenje chimayaka ngati moto ndipo khungu limasanduka la lalanje. Ine ndimakoka mpaka pamene ndaona kuti zakoma, kenako ndimabwerera m'mbuyo theka la ulendowo.

Ngati chithunzi chinaonongeka kwambiri moti mitundu ikukana kubwerera, pali njira ina yaulemu. Tsitsani Saturation mpaka kumapeto kuti chikhale chakuda ndi choyera, ndipo mukonze kuwala kokha. Chithunzi chotere chimakhala bwino pa kapepala ka mwambo wa maliro kapena wa chiliza, komanso sichivuta kusindikiza kumudzi.

Pumitsani maso, funsani wina

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukayang'anitsitsa chithunzi kwa theka la ola, maso amazolowera ndipo amayamba kukunamizani. Nyamukani, kamweni tiyi, mubwerenso. Ikani choyambirira ndi chokonzedwacho pambali pa chinzake. Ndipo itanani munthu amene ankamudziwa mwini chithunziyo. Musamufunse kuti, "Chakongola?" Mufunseni kuti, "Ndi iwowa?"

Ine ndinaitana mayi a kunyumba. Anayang'ana kwa kanthawi osayankhula, kenako anati ndawalitsa pang'ono masaya. Ndinabweza Shadows m'mbuyo. Anagwedeza mutu n'kutuluka m'chipindamo, ndipo ndinadziwa kuti tafika.

Mukakhutira, pa Windows sankhani Save as copy, osati Save. Fayiloyo ipatseni dzina lomveka, lokhala ndi dzina la munthuyo ndi chaka, kuti adzukulu asadzavutike.

Kusindikiza ndi kutumiza kumudzi

Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake, pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Choncho chithunzi chimaoneka chakuderako chikafika papepala. Musanalipire chachikulu cha mu felemu, yambani mwasindikiza chaching'ono cha mainchesi 6 kwa 4 pa makina a m'masitolo aja, n'kukachiyang'anira pa kuwala kwa masana. Makina ambiri otere ali ndi batani lokonza mitundu pawokha. Lizimitseni, apo ayi afafaniza ntchito yanu yonse ya Loweruka.

Potumiza pa WhatsApp, kumbukirani kuti imafinya zithunzi kuti zisadye data yambiri. Poonera pa foni palibe vuto, koma kwa wosindikiza ku Zomba kapena ku Lilongwe chimafika chosweka. Chitumizeni ngati Document, osati ngati chithunzi wamba, ndipo chidzafika chathunthu. Imelo imachitanso bwino. Muuzeniretu wolandirayo kuti fayiloyo ndi yaikulu, kuti akonzekere bandulo.

Zimene simuyenera kukonza

Chithunzi cha pasipoti kapena cha visa musachigwire. Malamulo a boma la Britain amanena momveka kuti chithunzi cha pasipoti chisakhale chosinthidwa ndi pologalamu ya pa kompyuta. Chikatuluka chakuda, jambulitsani china pamalo owala bwino. Kutaya mapaundi ochepa pa chithunzi kuli bwino kusiyana ndi kubwezeredwa fomu nthawi ya visa ikutha.

Chenjeraninso ndi mapologalamu atsopano amene amati amaukitsa zithunzi zakale pogwiritsa ntchito AI. Timizere takambirana pamwambapa timangosintha kuwala ndi mitundu ya zimene zilipo kale. Mapologalamu enawa amajambula zatsopano pamene sakuona bwino. Amaika mano, amawongola mphuno, amasalaza khungu, potengera nkhope zambirimbiri za anthu ena zimene anaphunzirirapo. Mpata wa mano wa apongozi anga unapita mwa njira imeneyi.

Ndimalize ndi mawu kwa achinyamata athu, makamaka amene mwakulira kuno. Ndimaona zithunzi zimene mumaika pa Facebook ndi Instagram, ndipo nthawi zina ndimalephera kuzindikira mwana amene ndinali naye m'tchalitchi Lamulungu lapitalo. Kale makolo anu ankalimbana ndi mafuta oyeretsa khungu. Lero mafutawo alowa m'foni. Chithunzi chikada chifukwa cha kamera, chikonzeni, ndi ufulu wanu. Koma mukaona kuti dzanja lanu lenileni ndi dzanja la pa sikirini zasiyana mtundu, dziwani kuti mwapitirira. Tsiku lina ana anu adzafuna kudziwa kuti munkaoneka bwanji, ndipo chimene adzakhale nacho ndi zithunzi zomwezi.

Chithunzi chija tinachitumizanso Lolemba. Mnyamata wathu uja ndi amene anachitumiza, chifukwa anakhala nane tsiku lonse la Loweruka, ndipo Tint anakoka ndi iyeyo. Alamu anga aakulu sanalembe zambiri. Anangoti, "Eya, awa ndi amayi," kenako anafunsa ngati tingakonzenso cha malemu abambo.

Amene muli ndi zithunzi zakale m'masutikesi, zitulutseni zisanasuluke kopitirira apa. Pa msonkhano wathu wotsatira ndidzabwera ndi laputopu ndi sikana, ndipo tidzakhala pa tebulo la kumbuyo tikatha kudya. Bwerani ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri, ndi kafulashi kosungiramo. Ophunzira, bwerani mudzathandize makolo kugwira mausi. Za kasungidwe ka mafayilo zija tidzakambirana mwezi wamawa.